Phunziro la Akatekumeni: Za Kusiya Zakale ndi Kutsata Kristu Osaceuka



Nyengo ya Kwaresima yafika, masiku 40 aja okonzekera Pasaka. Maina anu adalembedwa m'buku la osankhidwa pa Lamulungu loyamba la nyengoyi, mpingo wonse ukuona, ndipo kwatsala masabata owerengeka kuti mufike pa madzi a ubatizo. Usiku wa Pasaka, wansembe asanakuthireni madzi pamutu, adzakufunsani ngati mukukana Satana pamodzi ndi nchito zake ndi zonyenga zake zonse. Pambuyo pake adzakufunsani ngati mukukhulupirira Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Mafunsowa ali m'magulu awiri cifukwa ubatizo uli ndi mbali ziwiri: pali zimene munthu amazisiya, ndipo pali Iye amene munthu amamtsata.

Akristu akale ankaonetsa zimenezi ndi thupi lomwe. Cirilo woyera, amene adali episkopi wa ku Yerusalemu m'zaka za m'ma 300, adafotokoza kuti obatizidwa ankaimirira kuyang'ana kumadzulo, kumene dzuwa limalowa ndi kumene mdima umayambira, natambasula dzanja, nakana Satana ngati kuti ali pomwepo. Atatha ankatembenukira kum'mawa, kumene kuwala kumacokera, nabvomereza cikhulupiriro cawo. Palibe munthu angathe kuyang'ana kumadzulo ndi kum'mawa pa nthawi imodzi.

Ambuye Yezu adaphunzitsa zomwezo ndi fanizo la kumunda. Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 9, adacenjeza munthu wina wofuna kuwatsata kuti amene wagwira khasu la ng'ombe nkumaceukaceuka sangathe nchito ya mu Ufumu wa Mulungu. Inu amene mumalima ndi ng'ombe ku Angónia mukuzidziwa bwino: wolima akaceuka, mzere umakhota, khasu limatuluka m'nthaka, ndipo ng'ombe zimalowera m'munda wa mnansi. Tsono tiyeni tione zinthu zimene zimaceutsa mtima wa katekumeni, ndi m'mene tingazisiyire.

1. Kulakalaka moyo wakale

Usiku womwewo wa Pasaka mudzamva kuwerengedwa kwa buku la Eksodo, za m'mene Mulungu adaolotsera Aisraele pa Nyanja Yofiira. Eklezia amaona m'nkhaniyi cithunzi ca ubatizo: tsidya lino kuli ukapolo, tsidya ilo kuli ufulu, ndipo pakati pali madzi. Koma imvani zimene zidacitika ataoloka. Isanathe miyezi iwiri, njala itawapeza m'cipululu, anthu adayamba kudandaula kuti kukadakhala bwino kufera ku Ejipito, kumene ankakhala pafupi ndi miphika ya nyama. Buku la Numeri lionjeza kuti adakumbuka nsomba, nkhaka, mabvwende, anyezi ndi adyo wa kumeneko. Adaiwala zikoti za akapitawo ndi njerwa zimene ankaumba osapatsidwa udzu. Adaiwala ngakhale ana awo aamuna amene Farao adalamula kuti aponyedwe mumtsinje. Atafika m'malire a dziko lolonjezedwa adacita mantha, nafuna kusankha mtsogoleri wina woti awabwezere ku ukapolo. Cifukwa ca ici adazungulira m'cipululu zaka 40. Mapazi awo adaoloka nyanja tsiku limodzi, koma mitima yawo idatsalira ku Ejipito.

Mtima wa munthu ngwonyenga cotero: umakumbuka nyama ya mumphika, nuiwala cikoti. Amene adaleka kacasu amakumbuka kuseka kwa anzake pa mowa, koma sakumbuka nkhokwe yopanda kanthu mwezi wa Janeiro, kapena misozi ya mkazi wake. Amene adaleka cigololo amakumbuka mau okoma a kumdima, naiwala manyazi ndi matenda amene adabwera nawo pakhomo. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Cizolowezi cakale cidzafuna kubwerera m'njira imene cidazolowera, makamaka pa tsiku la njala, la cisoni kapena la kusungulumwa.

Pakabwera cilakolako cotere, musatsutsane naco muli pafupi ndi mphika. Kumbukirani nkhani yonse, ndi cikoti comwe, ndipo cokanipo. Musanene kuti mudzatumikira Kristu pa Lamulungu ndi kubwerera ku Ejipito masiku enawo. Mapanga awiri abvumbwitsa.

2. Macimo anu akale

Ena mwa inu simulakalaka zakale konse, koma mumaziopa. Tulo timabvuta cifukwa ca zimene mudacita. Wina adaba, wina adanamizira mnzake pa bwalo la milandu, wina adasiya mkazi ndi ana, ndipo mwina alipo amene manja ake adakhudza magazi pa nthawi ya nkhondo. Mumtima mumamveka liu lonena kuti ubatizo ngwa ena, munthu wonga inu Mulungu sangamlandire. Liu limenelo silicokera kwa Mulungu.

Eklezia amaphunzitsa motsimikiza kuti ubatizo umafafaniza chimo lobadwa nalo, macimo onse amene munthu adacita yekha, ndiponso cilango cimene cidayenera macimowo. N'cifukwa cake munthu wobatizidwa ali wamkulu sapemphedwa kuulula kwa wansembe macimo amene adacita asanabatizidwe. Cimene Mulungu amafuna kwa iye ndi cikhulupiriro, cisoni ceniceni ca mumtima, ndi kutsimikiza kuleka. Pa bwalo la nyakwawa timati mlandu suwola, ndipo n'zoona pakati pa anthu. Koma mlandu umene Mulungu wautseka ndi magazi a Mwana wake, Iye sautsegulanso. Nsalu yoyera imene adzakubvekani usiku umenewo idzakhala umboni wake.

Taonani atumwi awiri amene adalakwira Ambuye usiku umodzi. Yudasi adawagulitsa ndi ndalama 30 zasiliva, ndipo Petulo adawakana katatu ali kuotha moto m'bwalo la mkulu wa ansembe. Onse awiri adazindikira kulakwa kwawo. Yudasi adayang'ana chimo lake lokha, nataya mtima, nakadzimangirira. Petulo adalira kwambiri, koma sadacoke pakati pa abale. Yezu atauka kwa akufa adakumana naye m'mbali mwa nyanja ya Tiberiasi, pa moto wina wamakala, namfunsa katatu ngati amamkonda. Sadamkumbutse za kukana kuja ngakhale ndi liu limodzi. Pa yankho lililonse adampatsa nchito yoweta nkhosa zake. Amene adagwa uja ndiye adakhala mtsogoleri wa atumwi, nafera Ambuye ku Roma.

Paulo woyera nayenso adali ndi zakale zolemera. Ndiye adasunga zobvala za anthu amene adaponya miyala Stefano, ndipo ankalowa m'nyumba ndi m'nyumba kugwira Akristu, amuna ndi akazi omwe. Atabatizidwa ku Damasiko sadabise mbiri yakeyo, ankaichula poyera kuti anthu aone kukula kwa cifundo ca Mulungu. Koma sadalole kuti imumange miyendo. M'kalata yake ya kwa Afilipi, mutu 3, imene adalemba ali m'ndende, adadziyerekeza ndi munthu wa mpikisano wa liwiro, amene maso ake ali pa mphotho ya kutsogolo, osati pa mtunda umene wathamanga kale.

Madzi akatayika sawoleka. Zimene mudacita simungazicotse m'mbiri yanu, ngakhale mutalira usiku ndi usana. Ziperekeni kwa Iye amene angathe kuzikhululukira, ndipo akakukhululukirani, inunso lekani kudziweruza. Kupitiriza kudziimba mlandu umene Mulungu wautaya n'kudziyesa woweruza wamkulu kuposa Iye.

3. Kusiya zakale si kuthawa ngongole

Apa mverani bwino, pakuti ena amasokoneza. Munthu amati: popeza ndabatizidwa, zakale zapita, mbuzi ya mnansi ija ndiyanga tsopano. Iyai, sizitero. Mulungu amakhululukira chimo, koma mbuzi ikadali ya mwini wake.

Zakeyo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, atalandira Yezu m'nyumba mwake, adalonjeza kupatsa osauka theka la cuma cake, ndi kubwezera kanai aliyense amene adamdyera. Pamenepo ndi pamene Yezu adalengeza kuti cipulumutso cafika pa banja limenelo. Tsono inunso, Pasaka isanafike, dzifunseni. Ngati muli ndi cinthu ca mwini, bwezani. Ngati mudasendeza malire a munda, abwezereni pamalo pake. Ngati mudanenera munthu zabodza, kaziwongoleni pamaso pa anthu omwewo amene adazimva. Ngati muli ndi mwana amene mudamkana, kamubvomereni ndi kumsamala. Amene nkhani yake ndi ya mitala akambirane ndi wansembe mosabisa kanthu. Ukwati wa Cikristu ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, koma Eklezia salola kuti mai aliyense kapena ana ake atayidwe ngati nsanza cifukwa bambo akufuna ubatizo. Cakudya cawo, pogona pawo ndi sukulu ya anawo zikhalabe udindo wake.

Pali zina zimene sizingakonzedwenso: amene mudamlakwira adamwalira, kapena adapita kumene simungamfike. Zoterozo zisiyeni m'manja mwa Mulungu, mumpempherere munthuyo, ndipo citirani zabwino ana ake kapena osauka ena m'malo mwake. Lamulo lake nali: cimene cingakonzeke cikonzeni lero, cimene sicingakonzeke cipatseni Mulungu, ndipo musanyamule cilicense ca ziwirizi kupita naco tsidya.

4. Zoipa zimene ena adakucitirani

Katundu wolemera koposa kawirikawiri ndi mangawa amene tasungira ena. Pa cimeneci Eklezia akukupatsani citsanzo ca mai wina wa mu Afrika muno, amene adakhalapo katekumeni monga inu.

Josefina Bakhita adabadwira ku Darfur, m'dziko la Sudan, ca m'ma 1869. Asanakwane zaka 10 adagwidwa ndi ogulitsa akapolo. Mantha adamkulira kotero kuti adaiwala ngakhale dzina limene makolo ake adampatsa, ndipo omgwirawo adamucha Bakhita, dzina la Ciarabu lotanthauza wamwai. Adagulitsidwa kangapo. M'nyumba ya mkulu wina wa asilikali adamceka ndi lumo mabala 114 pa thupi, nathiramo mcere kuti zipsera zisafafanizike. Makolo athu a m'mbali mwa Zambezi ndi nyanja ya Niassa adalidziwa goli limeneli, pakuti ambiri adatengedwa kupita ku Quelimane ndi ku Kilwa osabwereranso.

M'caka ca 1883, ku Khartoum, Bakhita adagulidwa ndi Callisto Legnani, nduna yoimira dziko la Italia, amene adapita naye kwawo mu 1885. Kumeneko adakhala mlezi wa mwana m'banja la Michieli. Mai wa mwanayo atanyamuka ulendo, adasiya mwana ndi mlezi wake m'nyumba ya akatekumeni ku Venezia, m'manja mwa asisitere a gulu la Magdalena wa Canossa. M'menemo Bakhita adaphunzira za Mulungu amene kuyambira ubwana wake ankamfunafuna poyang'ana dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, osadziwa dzina lake. Mai uja atabwera kudzamtenga kuti abwerere naye ku Sudan, Bakhita adakana. Pa 29 Novembro 1889 akuluakulu a malamulo adagamula kuti ndi mfulu, ndipo pa 9 Janeiro 1890 adabatizidwa, nalandira dzina la Josefina. Mu 1896 adacita malumbiro a usisitere. Kuyambira 1902 adakhala ku Schio, kumene ankaphika, kusamala za m'nyumba ya Mulungu, ndi kutsegulira alendo pakhomo. Adamwalira pa 8 Fevereiro 1947, ndipo Papa Yohane Paulo II adamlengeza woyera pa 1 Outubro 2000.

Atafunsidwa cimene akadacita akadakumana ndi amene adamgwira ndi kumzunza, iye adayankha kuti akadawagwadira ndi kupsompsona manja awo, popeza kudzera m'njira yowawayo adafika podziwa Kristu. Musamve ngati kuti ukapolo udali wabwino. Udali chimo lalikulu, ndipo kuyambira 2015 Eklezia amapempherera pa tsiku lake, 8 Fevereiro, anthu onse amene akugulitsidwa ngati katundu masiku ano. Musaganizenso kuti Josefina adaiwala. Zipsera 114 adapita nazo kumanda, ndipo amene adamdwazika adasimba kuti pa matenda ake otsiriza ankapempha kuti am'masule maunyolo, ngati kuti wabwerera ku ubwana wake. Cimene iye adacita n'cakuti sadalole omzunza aja kukhalabe ambuye a mtima wake. Adapeza Mbuye wina, amenenso adakwapulidwa, ndipo amene adapempherera ompacika.

Ife a m'dziko lino tili ndi zipsera zathu. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idatha zaka pafupifupi 16, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Cipangano ca mtendere cidasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, amene adali arkiepiskopi wa Beira. Anthu atabwerera kwawo, ambiri adapezeka akutunga madzi pa citsime cimodzi ndi amene adawatenthera nyumba. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikristu la m'dziko lino, motsogozedwa ndi episkopi wa Anglikani Dinis Sengulane, lidayamba kulandira mfuti zimene anthu adabisa, nkumawapatsa makasu, njinga ndi makina osokera m'malo mwake. Mfuti yokwiriridwa kuseri kwa nyumba imaoneka ngati yagona, koma tsiku lina mwana amaifukula. Cidani cosungidwa mumtima n'cimodzimodzi. Ngati simucitulutsa inu, adzacilandira ana anu, nadzadana ndi anthu amene sadawalakwire.

Kukhululuka sikukuletsani kupita kwa akuluakulu kukafuna cilungamo, ndipo sikukakamiza mai kukhala m'nyumba imene akumenyedwa mpaka moyo wake kukhala pangozi. Kukhululuka ndiko kuleka kufunira mnzako zoipa, kutaya maganizo obwezera, ndi kumpereka kwa Mulungu m'pemphero. Kawirikawiri sikutheka tsiku limodzi. Yambani ndi kuchula dzina la munthuyo pamaso pa Mulungu, ngakhale mtima ukuwawa, mawa muchulenso. M'pemphero la Atate Athu, limene Eklezia adzakupatsani mwamwambo m'nyengo ino, timapempha kuti Mulungu atiyese ndi muyeso umene ife tikuyesera anzathu. Lingalirani bwino mau amenewo musanawanene.

5. Mantha akale

Cinanso cimene cimaceutsa ambiri ndi mantha. Munthu amayenda bwino m'Cikristu mpaka tsiku limene mwana wadwala. Pamenepo abale amati tipite ku ula, tikamve amene watilodza. Woombeza amachula dzina la agogo ena osauka a pamudzi, kapena la mlamu amene mudakangana naye, ndipo mudzi umagawanika. Mwana uja nthawi yonseyi ali ndi malungo, ofunika mankhwala a kucipatala tsiku lomwelo.

Lamulo loyamba la Mulungu limatiletsa kuombeza ndi kuika cikhulupiriro cathu pa zithumwa. Pa Lamulungu lacitatu, lacinai ndi lacisanu la Kwaresima, Eklezia adzakupemphererani mapemphero apadera okumasulani ku mphamvu za woipa, ndipo mudzamva za mai wa ku Samariya, za munthu wobadwa wakhungu, ndi za Lazaro woukitsidwa kwa akufa. Pa za wakhungu uja, ophunzira adafunsa kuti adacimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yezu adakana zonse ziwiri, namciritsa. Ophunzira ankafuna woti amuloze cala, pamene Yezu ankafuna kuti munthuyo apenye. Mkristu akaona matenda amafunsa cimene angacite kuti wodwala acire, ndipo amamtengera kucipatala akumpempherera. Ngati muli ndi cithumwa m'ciuno kapena cokwiriridwa pakhomo, bwerani naco kwa katekista kapena kwa wansembe ubatizo usanacitike. Musacite manyazi: mbewa ya manyazi idafera kudzenje.

Koma dziwani kuti Kristu sakukuuzani kutaya zonse za makolo. Ulemu kwa akulu, kulandira alendo, kuthandizana pa maliro ndi pa kulima, miyambi ndi cinenero cathu, zonsezi n'zabwino, ndipo mudzaoloka nazo. Mankhwala a mitengo odziwika kuti amaciza, opanda kuombeza ndi kuloza anthu, si chimo. Makolo anu amene adamwalira simudzawaiwala. Lamulo lacinai likutiuza kuwalemekeza, ndipo Eklezia amapempherera akufa pa Misa iliyonse, makamaka pa 2 Novembro. Cimene mukusiya ndi kuwaopa ngati kuti moyo wanu uli m'manja mwawo. Iwo ndi inu nonse muli m'manja mwa Mulungu mmodzi. Pokolola, mai amapeta: mankhusu amapita ndi mphepo, maso a cimanga amatsala m'licero.

6. Kupita kutsogolo

Yezu adasimba za mzimu woipa umene udatuluka mwa munthu, nuyendayenda, kenaka nubwerera. Udapeza nyumba yosesa bwino koma yopanda wokhalamo, ndipo udakaitana mizimu ina 7 yoipa koposa. Munda umene mwasosa osabzalamo kanthu umamera chire loposa loyamba. Motero kusiya zakale ndi theka cabe la nchito. Malo amene munali zakalezo ayenera kudzazidwa.

Adzazeni ndi pemphero la m'mawa ndi la madzulo pamodzi ndi a pabanja panu. Pa Lamulungu musasowe m'kapela, ngakhale pamene wansembe sadafike ndipo mwangosonkhana kumva Mau a Mulungu. Mukabatizidwa, landirani Ukaristia nthawi zonse pamene mungathe, pakuti ndiwo kamba wa paulendo, monga mana adali kwa Aisraele. Landirani nchito mu komunidade yanu, mpingo waung'ono wa pamudzi panu: kuona odwala, kulimira nkhalamba, kuphunzitsa ana mapemphero. Nthawi imene inkathera pa mowa ipeze cocita cina, ndipo ndalama imene inkapita ku ula igule makope a ana. Khalani pafupi ndi ankhoswe anu a ubatizo, muwauze zobvuta zanu zisanakule, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mwina mudzagwanso mutabatizidwa. Ubatizo umacotsa chimo, koma kufooka kwa thupi kumatsala, ndipo nkhondo ya mumtima imakhalapo mpaka imfa. Ubatizo subwerezedwa, cifukwa cizindikiro cake pa mzimu sicifafanizika. Koma Ambuye adatisiyira sakramenti la kulapa. Mukagwa, musanene kuti zonse zatha, ndibwerere ku Ejipito. Wolima mzere ukamkhotera sataya ng'ombe ndi khasu, amabweza khasu mumzere napitiriza. Dzukani, kaululeni, muyendenso. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Abale ndi alongo anga, usiku wa Pasaka kunja kwa nyumba ya Mulungu kudzasonkhedwa moto watsopano. Pa moto umenewo adzayatsa kandulo yaikulu, ndipo mpingo wonse udzaitsata kulowa m'nyumba yamdima. Kandulo idzakhala patsogolo, inu pambuyo pake. Woyenda cotero mthunzi wake umagwera kumbuyo, ndipo sauona pokhapokha ataceuka. Yang'anani kuwalako, ndipo yendani.

Mafunso obwereza

1. Kodi obatizidwa akale ankatembenukiranji kucokera kumadzulo kuyang'ana kum'mawa?
2. Aisraele adakumbuka ciani za ku Ejipito, ndipo adaiwala ciani?
3. Ubatizo umafafaniza macimo ati? Nanga Mulungu amafuna ciani kwa wobatizidwa ali wamkulu?
4. Petulo adasiyana bwanji ndi Yudasi?
5. Munthu amene ali ndi cinthu ca mwini ayenera kucitanji asanabatizidwe?
6. Kodi Josefina Bakhita adaiwala zowawa zake? Nanga kukhululuka n'kutani?
7. Chulani miyambo ya makolo imene Mkristu amasunga, ndi imene amaisiya.
8. Mkristu akagwa m'chimo atabatizidwa kale, acite ciani?

Zocita sabata lino

Khalani panokha madzulo ena, mudzifunse mafunso awiri: ndili ndi ngongole kwa yani, ndipo ndasungira mangawa yani? Kwa woyambayo pitani sabata lomwe lino, ndi nkhoswe yanu ya ubatizo ngati mukuopa kupita nokha. Waciwiriyo mumchule dzina m'pemphero lanu tsiku lililonse mpaka Pasaka.

Pemphero

Ambuye Yezu Kristu, Inu amene mudadzutsa Petulo ndi kumasula mtima wa Josefina Bakhita, onani ife ana anu amene tayandikira madzi a ubatizo. Landirani macimo athu amene sitingathe kuwafafaniza tokha. Tipatseni mphamvu yobwezera zimene tidalanda, ndi mtima wokhululukira amene adatilakwira. Cotsani mantha m'nyumba zathu. Gwirani manja athu pa khasu, kuti tilime mzere wathu mpaka kumapeto, maso ali pa Inu, amene muli ndi moyo ndi ufumu mpaka muyaya. Amen.